Mbiri ya Kuyeza Dongo ndi Kuwala Kosaoneka

Pa zinthu zonse zimene mwana wa munthu wagwira ndi manja ake chiyambire, palibe chimene adachizolowera msanga koma n'kuchedwa kuchidziwa monga dongo. Pakuti ngakhale adaumba nalo mbiya ndi mitsuko kalekale, namanga nalo nyumba za mafumu ndi za akapolo omwe, nalembapo malamulo ndi ngongole m'dziko la Mesopotamia, pofika zaka zoyambirira za m'ma 1900 anthu ophunzira anali asanamvane ngati dongo lili ndi kaumbidwe kakekake ka m'kati, kapena ngati lili phala chabe la miyala yofumbutuka, lopanda dongosolo lililonse. Amisiri a ku Jingdezhen m'dziko la China ankadziwa kuti dongo loyera la ku phiri la Gaoling limapirira moto woopsa ndi kutulukamo mbale zonyezimira, ndipo wansembe wa ku France, François Xavier d'Entrecolles, adalembera kwawo za luso limeneli m'chaka cha 1712. Koma nzeru yonseyo inali ya m'manja ndi ya m'maso, yodziwa kuti dongo ili ndi labwino ndipo ilo n'lachabe, popanda kunena chifukwa chake.

Chimene chidatsekereza njira ndi kuchepa kwa timibulu ta dongo, pakuti tambiri mwa ito sitifika ngakhale magawo 2 mwa magawo 1,000 a milimita, kotero kuti galasi loonera zinthu zazing'ono la nthawi imeneyo linkangoonetsa fumbi. Khomo lidatseguka m'chaka cha 1930, pamene Sterling Hendricks ndi William Fry a ku America adawomba dongo la m'nthaka ndi X-ray napeza kuti maatomu ake adayalidwa mwadongosolo, ndipo Linus Pauling, m'chaka chomwecho, adalongosola kayalidwe ka miyala ya mtundu umenewu. Zidadziwika tsono kuti dongo ndi miyalo yopyapyala yosanjikizana: muyalo wina wa silikoni wozingidwa ndi okosijeni, wina wa aluminiyamu kapena maginiziyamu wozingidwa ndi okosijeni pamodzi ndi timagulu ta okosijeni wogwirana ndi haidirojeni, timene akatswiri amatilemba kuti OH. M'dongo loyera lotchedwa kaolinite, longa limene lipezeka ku Linthipe m'boma la Dedza, miyaloyo imayenda iwiriiwiri ndipo imagwirana kolimba. M'dongo la montmorillonite imayenda itatuitatu, ndipo pakati pake pamalowa madzi ndi kutulukanso, chimene chili chifukwa chake dothi lakuda la m'madambo limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika ming'alu m'chilimwe.

Komabe X-ray, ngakhale idachita zazikulu, inali ndi khungu pa chinthu chimodzi, ndipo chinthucho ndicho chinali mtima wa nkhani yonse. Cheza chimenechi chimaona atomu molingana ndi kuchuluka kwa maelekitironi ake, tsono haidirojeni, pokhala ndi elekitironi imodzi yokha, imakhala ngati palibe. Pamene khalidwe lonse la dongo, kumwa kwake madzi, kumata kwake, kusunga kwake chakudya cha mbewu ndi kuuma kwake pamoto, zimadalira kwambiri pamene pakhala haidirojeni ndi amene yayandikana naye. Padafunika diso lina, ndipo disolo linali litapezeka kale zaka 130 m'mbuyomo, kungoti palibe adaganiza zolilozetsa ku thope.

M'chaka cha 1800 William Herschel, mbadwa ya ku Hanover amene adakhazikika ku England, yemwe adayamba ngati woimba zing'wenyeng'wenye asanatchuke popeza pulaneti la Uranus, adapyoza kuwala kwa dzuwa m'galasi la mbali zitatu kuti kugawike m'mitundu ya utawaleza, nayika choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Ndipo atachisunthira kuseri kwa kufiira, pamene maso sankaona kanthu, adadabwa kuona kuti pamenepo mpamene padatentha koposa. Kumeneko ndiko kuwala kwa infrared. Ubale wake ndi dongo uli motere. Maatomu ogwirana sakhala duu, koma amanjenjemera kosalekeza, kutamuka ndi kufupika, kuwerama ndi kuwongoka, ndipo gulu lililonse lili ndi liwiro lakelake, monga zala za sansi zimene zazifupi ndi zopepuka zimalira mopyapyala pamene zazitali ndi zolemera zimalira mwa besi. Kuwala kumene mafunde ake agwirizana ndi liwiro la gulu lina kukafika, gululo limakumeza. Kotero kuti munthu akapyoza kuwala kwa infrared m'dongo nayang'ana mbali zimene zasowa kutsidya, amadziwa magulu amene ali m'katimo. Akatswiri amawerenga zimenezi potchula mafunde okwana mu sentimita imodzi, ndipo popeza haidirojeni ndiyo yopepuka pa maatomu onse, gulu la OH limamveka pamwamba penipeni, cha pa 3,600 mpaka 3,700. Chimene X-ray idalephera kuona ndicho chimene kuwala uku kumayamba kuona.

Woyamba kugwira ntchitoyi mwakhama anali William Coblentz, mnyamata wa kumudzi ku Ohio, amene ali pa yunivesite ya Cornell adadzipangira yekha makina okhala ndi mbulu wa mchere m'malo mwa galasi, poti galasi limameza kuwala kumeneku. Ndipo poyeza malo amodziamodzi ndi kulemba pamanja, adasonkhanitsa zizindikiro za mankhwala oposa 100 nazisindikiza m'chaka cha 1905, kenaka natembenukira ku miyala, kusiyanitsa madzi ongosungidwa m'mwala ndi OH amene ali chiwalo cha mwalawo. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati mwambiwu udayenerapo munthu wa sayansi, munthuyo ndi ameneyu. Njira inzake idabadwira ku Calcutta pa 28 February 1928, pamene C. V. Raman ndi K. S. Krishnan adaona kuti kuwala kukamwazika pa chinthu, kachigawo kochepetsetsa kamabwerako katasintha mtundu molingana ndi kunjenjemera kwa maatomu. Grigory Landsberg ndi Leonid Mandelstam adaona zomwezo ku Moscow m'masiku omwewo, koma mphotho ya Nobel ya 1930 idapita kwa Raman yekha. Kwa anthu a dongo njirayi idakhala yogona zaka zambiri, kufikira laser itapangidwa m'chaka cha 1960.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makina a infrared adayamba kugulitsidwa, ndipo vuto lotsala linali la kaikidwe ka ufa wa dongo panjira ya kuwala. Pano tiyenera kutchula mayi wina wodzipereka kwa Mulungu, Sisitere Miriam Michael Stimson wa chipani cha Dominican ku Adrian m'chigawo cha Michigan, amene m'chaka cha 1952 adalengeza njira imene ikugwirabe ntchito lero, nthawi yomweyo imene Ulrich Schiedt adaipezanso ku Germany. Munthu amatapa dongo lokwana ngati miligalamu imodzi, lochepa kuposa kambewu ka mpiru, nalisakaniza ndi miligalamu 200 kapena 300 za mchere wotchedwa potassium bromide, umene suletsa kuwala kumeneku; amapera zonsezo m'kamtondo ka mwala wosalala kufikira zisaonekenso kuti ili ndi dongo uwu ndi mchere; kenaka amathira ufawo m'chikombole cha chitsulo naupanikiza ndi mphamvu ya matani angapo, ndipo chimene chimatuluka ndi kambale ka mamilimita 13 m'mimba mwake, koonekera ngati galasi. Mcherewo uli ndi khalidwe loipa lokoka chinyezi, tsono wosasamala amayeza madzi a m'chipinda chake namayesa a m'dongo; n'chifukwa chake odziwa ntchito amagoneka kambaleko mu uvuni usiku wonse asanakayeze.

Koma kuona mizere ndi kwina, kudziwa mwini wa mzere uliwonse ndi kwinanso, ndipo apa mpamene padagona mlandu. Dongo lokumbidwa pamtapo silikhala la mtundu umodzi: mumakhala mchenga, dzimbiri, zowola za zomera ndi mitundu iwiri kapena itatu ya dongo yolowanalowana, ndiponso m'kati mwa muyalo umodzi womwewo chitsulo chimakhala pampando wa aluminiyamu, aluminiyamu pampando wa silikoni, popanda wolemba kaundula. Katswiri akaona kuti dongo la ku Wyoming m'dziko la America likusiyana ndi la ku Montmorillon m'dziko la France pa mzere wina, sankatha kunena chimene chasiyanitsa, poti zosiyana zinali zambiri nthawi imodzi. Ndipo aliyense ankapereka mzere kwa atomu imene waikonda, wina n'kudzamutsutsa chaka chamawa.

Njira yotulukira inali yodabwitsa kwa anthu amene amaponda dongo tsiku ndi tsiku: kulipanga. Walter Noll ku Germany anali ataonetsa kale m'zaka za m'ma 1930 kuti silika ndi alumina zikatsekeredwa pamodzi ndi madzi m'chotengera cha chitsulo cholimba, n'kutenthedwa kufika madigiri mazana angapo, zimabala kaolinite kapena montmorillonite molingana ndi zimene zathiridwamo. Ndipo ku France, Simonne Caillère ndi Stéphane Hénin adalimbikira kupanga dongo pa kutentha kochepa, kofanana ndi kwa m'nthaka. Amene adalumikiza luso limeneli ndi kuwala anali Rustum Roy, mbadwa ya ku Ranchi m'dziko la India amene adakhala moyo wake wonse wa ntchito pa yunivesite ya Pennsylvania State, ndi mnzake Vladimir Stubičan wochokera ku Yugoslavia; mlendo, paja, ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'zolemba zawo za 1961 adaonetsa njira imene, kwa ine, ndiyo msana wa mbiri yonseyi. M'malo mofunsa dongo limene sadziwa kwawo, adaumba mndandanda wa madongo ofanana m'zonse kupatula chinthu chimodzi, nasintha chinthu chimodzicho pang'onopang'ono: apa achotsa aluminiyamu pang'ono nalowetsa maginiziyamu, apo awonjezanso, kwinako alowetsa atomu yolemera pampando wa yopepuka, ndipo mzere umene udasuntha ndiwo udadziulula mwini wake, pamene umene udakhala chilili udaonetsa kuti nkhaniyo siikuukhudza. Iwo ndi ena owatsatira adagwiritsanso ntchito madzi olemera, amene haidirojeni wake amalemera kawiri kuposa wamba: dongo likapangidwa ndi madzi otere, mizere ya OH imatsika kuchoka cha pa 3,600 kufika cha pa 2,700, ndipo palibenso wokana kuti inali ya haidirojeni.

Kuchokera m'ntchito yotere, ya zaka zambiri ndi ya manja ambiri, mudatuluka kaundula amene wophunzira wa lero amangomulandira ngati cholowa. OH wokhala pakati pa maaluminiyamu awiri amawerama cha pa 915. Mmodzi wa awiriwo akalowedwa m'malo ndi chitsulo, mzere umatsikira cha pa 880. Akakhala maginiziyamu, cha pa 840. Ndipo onse awiri akakhala chitsulo, cha pa 820. Motero munthu wokhala ndi kambale kamodzi ka mchere akhoza kunena, m'mphindi zochepa, amene wakhala moyandikana ndi mnzake m'kati mwa muyalo wosafika nanomita imodzi kuchindikala kwake.

Ena adabwera ndi nzeru zina zosafuna ng'anjo. M'chaka cha 1958 José María Serratosa wa ku Spain ndi William Bradley wa ku Illinois adatenga kachibenthu kopyapyala ka mwala wa mica, nakapendeketsa pang'onopang'ono patsogolo pa kuwala. Ndipo poona kuti m'mitundu ina mzere wa OH umakula kachibenthuko kakapendekeka pamene m'mitundu ina susintha kwenikweni, adazindikira kuti m'yoyambayo OH waima chilili pamuyalo, ndipo m'inayo wagona chopendekera. M'chaka cha 1964 Robert Ledoux ndi Joe White adalowetsa madzi olemera pakati pa miyalo ya kaolinite, dongo limene lili ndi mizere inayi ya OH, cha pa 3,695, 3,670, 3,650 ndi 3,620. Itatu yoyambayo idafooka, koma wa pa 3,620 udatsala, kusonyeza kuti mwini wake adabisala m'kati mwa muyalo, kumene madziwo sadafike kwenikweni. Wosonkhanitsa zonsezi anali Victor Colin Farmer wa ku Macaulay Institute for Soil Research mumzinda wa Aberdeen ku Scotland, amene pamodzi ndi J. D. Russell adapenda madongo a mitundumitundu, nawongola zimene ena adaphonya, ndipo m'chaka cha 1974 adakonza buku lalikulu la zizindikiro za infrared za miyala limene likutsegulidwabe m'malabotale. Dzina lake silidziwika kunja kwa ntchitoyi monga la Raman, ndipo sindiona kuti chilungamo chidachitika pamenepo.

Dongo lopangidwa silidathere m'labotale. Barbara Neumann, mayi wobadwira ku Hungary amene ankagwira ntchito ku Redhill m'dziko la England, adapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 dongo lotsanzira hectorite wa ku California, la maginiziyamu ndi lithiyamu, lotchedwa Laponite, limene timibulu take ndi timbale ta mananomita 25 m'lifupi ndi imodzi yokha m'kuchindikala; likathiridwa m'madzi limagwirana n'kukhala phala loonekera, ndipo lero lili mu utoto wopaka nyumba ndi m'mankhwala otsukira mano.

Koma pali mtundu wina umene uyenera kuukhalira pansi, chifukwa zake n'zotembenuka. M'chaka cha 1842 Carl Hochstetter adalongosola mwala woyera, wofewa ndi woterera wochokera ku Snarum m'dziko la Norway, umene udatchedwa hydrotalcite. Mu 1915 Ernesto Manasse ku Italy adapeza zimene zili m'katimo, nanenetsa kuti carbonate si mlendo m'mwalawo koma mwini nyumba. Mu 1942 Walter Feitknecht wa ku Bern adapanga miyala yambiri ya fuko limeneli, koma adaganiza kuti maginiziyamu ali m'muyalo wake ndipo aluminiyamu m'wakenso. Ndipo padatenga Rudolf Allmann mu 1968 ndi H. F. W. Taylor mu 1969 kuti aonetse kuti awiriwo akhala m'muyalo umodzi. M'dongo wamba miyalo imakoka zinthu monga sodiyamu ndi kashiyamu. M'dongo ili mphamvu ya miyalo njotembenuka, kotero kuti pakati pake pamakhala carbonate, nitrate kapena chloride pamodzi ndi madzi. Kupanga kwake n'kosavuta, pakuti munthu amangodontheza madzi a mchere wa maginiziyamu ndi wa aluminiyamu m'madzi a soda akutakasa, ndipo phala loyera limatsika pansi. Shigeo Miyata ndi anzake ku kampani ya Kyowa ku Japan adalongosola ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970 mpaka idafika pa malonda, kotero kuti lero dongoli limamwedwa ngati mankhwala a kutentha pamtima, monga aja otchedwa Talcid, ndipo limathiridwa m'pulasitiki wa PVC kuti asawonongeke ndi kutentha.

Chovuta chake n'chakuti dongoli limakonda carbonate koposa china chilichonse, ndipo carbonate amachokera mumpweya womwe timapumawu. Wofuna kuti pakati pa miyalo pakhale nitrate ayenera kuwiritsa madzi ake kuti mpweyawo uchoke, ndi kugwira ntchito yonse pansi pa naitirojeni; ndipo ngakhale atatero, sangalumbire kuti mlendo wosaitanidwayo sadalowe kufikira atafunsa kuwala. Pa infrared awiriwa amakhala moyandikana kwambiri, carbonate cha pa 1,365 ndi nitrate cha pa 1,384, kotero kuti wina amabisala kumbuyo kwa mnzake. Apa mpamene njira ya Raman, imene idagona zaka zonse zija, idapeza ntchito yake, pakuti imaonetsa carbonate ndi mzere wowongoka cha pa 1,060 ndipo nitrate chapansi pake. Dongo lokumba limavutitsa njira imeneyi, chifukwa zitsotso zake zimawala zokha laser ikazigunda n'kuphimba chizindikiro chofookacho. Lopangidwa, pokhala loyera, limayankha bwino, makamaka chiyambire 1986 pamene adayamba kugwiritsa ntchito laser ya mananomita 1,064 imene siutsa kuwala konyengako. Ray Frost ndi Theo Kloprogge ku Brisbane m'dziko la Australia adathera zaka zambiri pa miyala imeneyi, nthawi zina akuitentha pa kachitsulo ka pulatinamu ndi kuyeza kuwala kumene ikutulutsa yokha, kuti aone madzi akuchoka, kenaka OH, kenaka carbonate. Dongoli likatenthedwa kufika madigiri 450 kapena 500 miyalo yake imagumuka ndithu. Koma phulusalo likabwezedwa m'madzi, miyalo imadzukanso monga kale, ndipo mizere imene idafafanizika imabwerera pamalo pake.

Tisakokomeze, komabe, ngati kuti cha m'labotale n'chofanana ndendende ndi cha m'nthaka. Chimene munthu amaumba m'sabata imodzi pa moto waukulu, chilengedwe chimachiumba m'zaka zikwi pa mvula ndi dzuwa. Timibulu ta dongo lopangidwa kawirikawiri timakhala tating'ono, miyalo yake yosanjikizana mokhotakhota, mizere yake yotambalala, ndipo kaolinite, amene ali ponseponse m'maiko otentha, amakanika kupangika msanga pa kutentha wamba. Wofufuza amene aiwala kusiyana kumeneku amanamizira nthaka zimene adaziona m'botolo. Dongo lopangidwa ndi muyeso, ndipo muyeso suli munda.

Muyesowo, ngakhale zili choncho, udafika kutali kumene aja adauyamba sadakulote. Chombo cha Mars Express, chimene maiko a ku Ulaya adaponya m'chaka cha 2003, chidanyamula makina otchedwa OMEGA oyeza kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pa nthaka ya Mars. Ndipo mu 2005 gulu lotsogozedwa ndi Jean-Pierre Bibring lidalengeza kuti m'madera akale kwambiri, monga Mawrth Vallis ndi Nili Fossae, kuwalako kukusowa pa mamaikiromita 1.9, pamene pali chizindikiro cha madzi, ndiponso pa 2.2 ndi 2.3, pamene pali OH wogwirana ndi aluminiyamu, chitsulo kapena maginiziyamu. Popeza dongo siliumbika popanda madzi kukhalitsa pa mwala, uwu unali umboni wakuti dziko louma lija lidakhalapo lonyowa; ndipo adatha kutchula mitundu ya dongolo chifukwa choyerekeza ndi zizindikiro zosonkhanitsidwa m'malabotale a pansi pano, za madongo okumba ndi opangidwa omwe. Panali okayika, monga kuyenera, poti palibe dzanja lidakhudza dothilo. M'chaka cha 2013 galimoto ya Curiosity idaboola mwala pamalo otchedwa Yellowknife Bay m'chigwa cha Gale ku Mars komweko, niyeza ufa wake ndi X-ray, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mwalawo lidapezeka kuti ndi dongo la fuko la montmorillonite.